Chipinda Chimene Anayezera Achemwali

14 Seputembala

Achimwene,

Landirani moni m'dzina la Ambuye. Muli bwanji pamodzi ndi alamu? Nanga amayi ayamba kudya? Ine ndinafika bwino, koma kunena zoona lero ndi tsiku lachinayi ndisakuona tulo. Chimene chikundisowetsa tulo si kuzizira ayi, komanso si kupukwa. Ndi galasi la m'bafa.

Ndikulemba papepala n'kujambula pa foni monga munandiuzira, ndipo mukawerenga mufufute. Koma ndiloleni ndinene zonse kamodzi kokha, chifukwa kuno ndilibe munthu womuuza, ndipo ndikagwada kuti ndipemphere ndimasowa poyambira.

Pabwalo la ndege anandilandira mayi a ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja, atanyamula chikwangwani cha dzina la achemwali. Ndi mayi ochepa thupi, a imvi, oseka ndi maso. Atandiona pa njinga ya olumala ija anagwada pansi kuti nkhope zathu zilingane, nandigwira manja onse awiri. Anati, "Takudikira chaka chathunthu, mwanawe. Pepa ndi zimene zinakuchedwetsa." Ndinangogwedeza mutu. Kodi munawauza kuti ndachedwa chifukwa chiyani?

Mukuikumbukira fomu ija a ku yunivesite anatumiza chaka chatha, imene munayeza nayo achemwali, a Pulofesa athu, ndi tepi yanu ya kushedi? Kuchokera pansi kufika paphewa atakhala panjinga, kutalika kwa mkono, pamene maso awo amafika. Tinkaseka kuti akufuna kuwasokera yunifolomu. Achimwene, anthuwa anakonza chipinda chonse ndi miyezo imeneyo. Sinki ili m'maondo mwanga. Maswichi, mashelefu, pokoloweka thaulo, zonse zili pamene pankafika dzanja la achemwali. Pazenera ukaimirira umangoona simenti ya pabwalo, ukakhala pansi ndi pamene umaona mitengo ndi thambo. Tsiku loyamba nditatseka chitseko ndinaimirira kuti ndiwongole msana, ndipo ndinayang'ana pagalasi. Munali diresi ya achemwali imene ndinavala, munali manja, munali khosi, koma mutu munalibe. Nditakhalanso panjinga nkhope inabwera. Inu mukudziwa kuti ife awiri tikakhala pansi ngakhale amayi ankatisokoneza.

Tchimoli ndi langa, sindikukuponyerani inu. Ndine ndinatenga buku lolakwika m'dilowa tsiku lija achemwali anakomoka, poti mabuku athu a kuchipatala anali a chikuto chimodzimodzi. Kalaliki analemba dzina limene anaona pabuku, ndipo atamwalira pepala la imfa linatuluka ndi dzina langa. Pakamwa ndinali napo. Ndikanatha kubwerera tsiku lomwelo kukakonzetsa. Koma inu mutaliwerenga pepalalo n'kunena kuti, "Malo a ku yunivesite asapite nawo kumanda, apa Mulungu watsegula khomo," mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, achemwali tisanawaike n'komwe. Chimenecho sindinauzepo munthu. Zaka khumi ndi ziwiri ndakankha njinga iyi, kuwaperekeza kusukulu, kuwadikira panja pa laibulale dzuwa lili pamutu, ine wa satifiketi ya sekondale yopanda masamu. Ndinkafuna nanenso ndilowe.

Ndalowa tsopano. Koma zaka zinayi zikatha, adzatuluke muno n'kubwera kwanuko adzakhala ndani? Ine ndikufuna ndidzabwerere ndili ine.

Mundiuze za amayi. Kodi akudziwa kuti ndabwera kuno pa dzina la ndani? Mmene ndinkanyamuka n'kuti asakulankhula ndi munthu aliyense.

Ndine mlongo wanu,
Mzime


2 Okutobala

Iwe Injini,

Moni wako tamva. Ife kuno tilipo, magetsi okha ndiwo akutizunza, sabata yonse ino ndawotcherera mageti awiri basi. Mlamu wako akuti uzivala masokosi awiriawiri. Amayi ayamba kudya, ndipo masana amatuluka kukakhala pakhonde.

Kalata yako ndawerenga kawiri. Koma iwe! Anthu akupatsa chipinda chako wekha, madzi otentha a pampopi, chitseko chotseguka chokha, iwe n'kumalirira galasi? Liphimbe ndi thaulo. Ine zaka zisanu ndakhala ndikumetera ndevu pa kalilole wa njinga yamoto, mutu wanga sunasowepo.

Tiye tilankhule mosabisa. Malowo tikanawabweza akanapatsa ndani? Mwana wa munthu wina amene sitikumudziwa n'komwe. Mafomu ankalemba ndi Pulofesa, inde, koma ankathamanga nawo ku positi ndani? Ankamubereka pa masitepe a ku ofesi ya mayeso ndani? Dzina loti Injini anakupatsa ndi iye mwini, ndipo sankanama. Theka la digiri imeneyo ndi la miyendo yako. Akanakhala kuti akutha kulankhula komwe aliko akanati, "Injini, khala apa, lero ndikukankhe ndine."

Tsono tamvera. Panja usaimirire, ngakhale njuchi ikulowe m'malaya. Miyendo uziwongolera m'chipinda makatani ali otseka. M'kalasi khala phee n'kumagwedeza mutu, anthu aziti ndi nzeru zakuchulukira. Ndipo akaitana dzina lija usamayambe watembenuka kufuna mwini wake, uziyankha pomwepo.

Za kulapa ndamva. Udzalape ukamaliza chaka chachinayi, tidzapitire limodzi kwa abusa, ine patsogolo. Mulungu sakusamuka.

Za amayi usazifulumize. Sitinawauze kalikonse ndipo iwo sanafunse. Za kumanda ndikukonza ndekha, zitsulo za mtanda ndadula kale, kwangotsala zilembo.

Idya, gona, werenga.

Achimwene ako


17 Okutobala

Achimwene,

Ambuye akusungeni nonse. Ndathokoza kumva kuti amayi akudya. Za kalilole wa njinga yamoto mwandiseketsa, ndinaseka ndekha mpaka kutsokomola. Galasi ndinaliphimba, koma patatha masiku awiri thaulo ndinalichotsa ndekha. Chipinda chopanda nkhope ija chimaopsa kuposa chokhala nayo.

Anthu akuno ndi abwino moti zimandipweteka. M'kalasi mwathu muli ophunzira a m'mayiko khumi ndi anayi. Wina amabwera ndi womasulira wa chinenero cha manja. Wina ndi mtsikana wosaona, timakhala desiki imodzi, ndi wanthabwala kwambiri. Iwowa malo awo anawavutikira, ndipo ndikakhala pakati pawo ndimamva ngati ndavala nsapato zakuba. Sabata yoyamba mtsikanayo anandiuza kuti, "Iwe, njinga yakoyi imalira ngati yobwereka. Unaiba kuti?" Ndinaseka naye koma thukuta lili kamukamu. Dzana wandiuzanso kuti, "Poyamba ukamabwera ndinkamva njinga payokha, munthu payekha. Pano mwasanduka chinthu chimodzi." Iye ankandiyamikira.

Anandijambula. Tsopano nkhope yanga ili pakhoma la laibulale, yaitali ngati geti, pansi pake dzina la achemwali ndi mawu akuti pano aliyense ali ndi malo. Kukabwera alendo a ku mayunivesite a mayiko ena, mayi a ku ofesi aja amabwera nawo kudzaona chipinda changa. Amayeza sinki ndi maso, amalemba m'mabuku mwawo, amandifunsa ngati zonse zikundikwana. Ndimati inde. Ndipo si bodza, achimwene, zikundikwana. Chimenecho ndicho chikundiopsa.

Lachiwiri tinalandira mapepala a mayeso a masamu. Inu mukudziwa kuti ine masamu ndinalephera kawiri. Ndapeza 91. Ndikukumbukira kulowa m'holo, kutsegula cholembera, kenako kumva belu. Zapakatipo ndikuzikumbukira ngati nkhani yomva kwa wina. Pepalalo ndi langa ndithu, koma seveni aliyense ali ndi kamzera pakati, ndipo ine chibadwire sindinadulepo seveni. Ankadula ndi achemwali. Tayang'anani deti la pamwamba pa kalata ino. Inenso ndangoliona tsopano.

Miyendo munati ndiziwongolera m'chipinda, koma muno mulibe chifukwa choimirira. Chilichonse chili pafupi ndi dzanja. Dzulo masana ndinazindikira kuti papita masiku asanu ndi limodzi ndisanaponde pansi. Kuchoka pabedi kupita panjinga ndimadzikoka ndi mikono mmene ankachitira iwo, osaganiza n'komwe. Nditadzikakamiza kuimirira, maondo ananjenjemera ngati a mwana amene akuphunzira kuyenda, ndipo ndinagwira khoma.

Tchalitchi ndinachipeza, chili kuseri kwa malo okwerera basi. Lamlungu kunali Mgonero. Abusa anatsika kuguwa kubwera pamene ndinali, ndipo pondipatsa mkate anatchula dzina la achemwali. Ndinatseka pakamwa. Anadikira, anthu onse akuyang'ana, kenako anangondiika dzanja pamutu n'kupitirira. Ndinaopa kuti ndikadya, kumwamba alemba kuti wadya ndi munthu wakufa, ndipo ine ndikhala ndisanadye.

Mwati kwangotsala zilembo. Pamtandapo mulemba dzina liti? Chonde musawotcherere kanthu tisanakambirane.

Mlongo wanu,
Mzime


6 Novembala

Achimwene,

Moni. Masabata atatu akwana. Foni ikuonetsa kuti kalata yanga munaitsegula tsiku lomwelo. Ngati ndakukwiyitsani nenani, ndipepese. Ngati amayi adwala musandibisire. Kuno masamba onse agwa ndipo ndayamba kumva kuzizira m'manja ndi kumaso kokha, kumapazi ayi.

Funso langa ndi lomwe lija. Dzina liti?

Mzime


20 Novembala

Mlamu,

Ndine mkazi wa achimwene anu. Iwo sakudziwa kuti ndatumiza izi, chonde musandigwetse m'mavuto. Mtanda anakaimika pa 3 mwezi uno. Akuti a ku ofesi ya manda salola dzina losiyana ndi la papepala la imfa, ndiye analemba lanu. Chiimikireni sakulankhula bwino, amangokhala kushedi mpaka dzuwa kulowa ngakhale magetsi kulibe.

Anthu a mumsewu muno poyamba ankanong'ona. Pano ataona chithunzi chanu cha ku yunivesite, ambiri akuti iwo ankadziwa kale kuti anapita kunja ndi wa panjinga uja. Mayi wogulitsa makala mpaka akulumbira kuti m'bokosi anaona nkhope yanu.

Kalata ili pansiyi amayi alemba okha dzulo masana, akuti ndikutumizireni. Ine ndinayesa kuwafotokozera zoona zake. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mpongozi, kodi iwe kusukulu sunapite? Sudziwa kuwerenga?" Pepani, mlamu. Ndaona kuti ndi bwino muione nokha.

Mwana wanga Pulofesa,

Ndakupatsa moni. Ukudya? Msana uja ukumakuvutabe kukazizira? Uziika pilo kumbuyo. Akukukankha ndani kumeneko? Usamachite manyazi kupempha anthu, iwe vuto lako ndi kunyada.

Ine mutu unandisokonekera pa maliro paja. Ndinkaona ngati taika iweyo. Ndakulira masabata ambiri uli moyo, Mulungu andikhululukire. Koma Lamlungu lapitali mlongo wako anandipititsa kumanda, ndipo ndinawerenga ndekha ndi magalasi anga, ndinagwira zilembo ndi chala chimodzichimodzi. Ndi mng'ono wako. Kenako ndinaona chithunzi chako cha pakhoma la sukulu, uli panjinga yako, utapendeketsa mutu mmene umachitira ukamaganiza. Ndinagwada pomwepo kuthokoza kuti anandisiyira iwe.

Usandiweruze. Mzime ndinkamukonda, anali mwana womvera. Koma analibe zonena zambiri, ndipo pano ndikayesa kukumbukira nkhope yake ndimangoona manja awiri pa zogwirira za njinga yako. Nsapato zake ndapatsa anthu, zinali zotha zidendene zonse. Bedi lake tachotsa, chipinda chakula.

Masana ena amabwera. Ndikakhala pakhonde ndimamva mapazi ake kuchokera kugeti, mofulumira monga mwa nthawi zonse, n'kudzaima kumbuyo kwa mpando wanga. Sinditembenuka. Ndimangoti, "Pita ukapume, mwana wanga, wakankha mokwanira." Iwenso uzimupempherera kuti apume, usamamuitane.

Phunzira. Usabwere usanamalize.

Amayi ako


1 Disembala

Achimwene,

Ndikupatsani moni, ndipo ndikupempha Ambuye kuti kalata ino muiwerenge mpaka pansi. Ya amayi ndinailandira. Alamu musawakalipire, achita chimene inu munalephera.

Ndachita chimene munandiletsa. Lachinayi m'mawa ndinalongedza chikwama, ndinapemphera, ndinapita ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja. Ndinapempha mayi aja kuti atseke chitseko. Ndinawauza zonse: za mabuku a m'dilowa, za kalaliki, za fomu ya miyezo, za masamu amene ndinalephera kawiri, ngakhale za chimwemwe chija. Ndinawauza dzina langa lenileni. Linatuluka movutikira, ngati liwu la chinenero chimene ndikungochiphunzira. Nditamaliza ndinapinda manja kudikira kuti aimbire apolisi.

Mayiwo anamvetsera osandidula. Kenako anandithirira tiyi, anatsegula kabati, anatulutsa fayilo. M'menemo munali pepala la imfa lija, pamodzi ndi kalata imene inu munawalembera mu Ogasiti, yopepesa kuti ndichedwa kufika chifukwa mng'ono wanga wamwalira. Simunandiuze zimenezo, achimwene.

Anati, "Mwanawe, dzina watchulalo ine ndalidziwa kuyambira tsiku loyamba. Nali apa. Ndakhala mu ofesi ino zaka makumi awiri. Munthu akataya m'bale amene ankamusamalira, nthawi zina amalakalaka akanafa ndi iyeyo kuti winayo atsale. Si tchimo ayi. Ndi chisoni."

Ndinati, "Mayi, ine si wolumala. Ndimayenda."

Sanaseke, sanakwiye. Anati, "Chabwino. Yenda." Anasuntha mipando, anapinda kapeti kuti ndisapunthwe, naima patsogolo panga atatambasula manja.

Achimwene, ndinagwira m'mbali mwa njinga. Ndinaiuza miyendo kuti tiyeni. Ndinaiitana mmene umaitanira munthu amene ali tsidya la msewu magalimoto akudutsa. Inangokhala pa chopondera, mapazi atapindikira m'kati monga ankakhalira a achemwali. Dzuwa linali likuwala patebulo, panja ana asukulu akuseka, wotchi ya pakhoma inayenda mphindi khumi zathunthu. Pomaliza mayiwo anagwada n'kundikumbatira, ndipo analira kuposa ine. Lachisanu anandiperekeza kwa dokotala wa pasukulu. Anandigogoda maondo ndi kanyundo, anandibaya kuphazi ndi kasingano ine ndikuyang'ana, ndipo analemba kuti zonse zikugwirizana ndi malipoti akale.

Sindikudziwa ngati ndi chilango, kapena ndi achemwali amene abwera kudzatenga malo awo. Ngati ndi iwo sindikuwaimba mlandu. Anawavutikira. Ndimawamva m'manja mwanga ndikagwira cholembera, ndipo sakhala okwiya, amakhala ngati munthu amene wachedwa ndipo akufuna kumaliza ntchito.

Tsono nkhani ili apa. Lachisanu likubwerali, teni koloko m'mawa, ophunzira tonse a kunja atitengera ku ofesi ya boma kukadinda zala pa chiphaso chokhalira m'dziko muno. Achemwali sanadindepo zala pa pepala lililonse la ulendo uno. Zala zanga zikakhudza makinawo pansi pa dzina lawo, zatha. Kuno ndidzakhala iwo mpaka imfa, kwanuko ndili kale m'manda, ndipo palibe dziko limene ine ndidzapezekenso.

Ndinawachonderera mayi aja mpaka anandilonjeza chinthu chimodzi. Akuti wachibale mmodzi wa magazi amodzi ndi ine akalemba ndi dzanja lake kuti amene ali kuno ndi mzime, aimitsa zonse n'kuyamba kufufuza, ngakhale mathero ake akhale kundichotsa sukulu n'kundibweza. Ankanena akundisisita dzanja, mmene timalonjezera wodwala zinthu kuti agone. Sakuyembekezera kuti kalata yotero ingabwere.

Alamu si a magazi athu. Amayi mwaona nokha. Mwatsala inu.

Ndikudziwa chimene ndikukupemphani. Mudzafunsidwa mafunso, mwina ku polisi. Mudzapita ndi makina anu kumanda kukasintha dzina pamtanda anthu akuona. Amayi adzalira maliro a Pulofesa wawo kachiwiri, ndipo mwina sadzandikhululukira kuti wabwera ndine. Digiri kulibe. Ndidzafika chimanjamanja, mwinanso mudzafunika kundikankha kuchokera pabwalo la ndege. Zonsezo ndazivomera pamaso pa Mulungu. Koma ndibwere ndili ine.

Sindikufuna tsamba lathunthu. Mzere umodzi, dzina langa, ndi siginecha yanu pansi, mujambule n'kutumiza pa foni ino. Ndinafuna kukulemberani dzinalo pano kuti mungokopera. Ndayesa katatu pa pepala lina, dzanja likumalemba lina lija. Koma inu mukulidziwa, achimwene. Chonde lilembeni.

Ndiyankheni lisanathe Lachinayi. Masiku ndi anayi okha. Foni ili pamiyendo panga, ndipo ndaiika kuti izilira mokweza, chifukwa ikangonjenjemera sindiimva.

Ndine mlongo wanu